Ndani ayambe kugayitsa? Za mzere wa m'kati mwa diski

Linali Lachisanu mu Okutobala 2021, cha m'ma 2 koloko masana, nthawi imene malata a shopu yanga ku Nchalo amayamba kulira okha ndi dzuwa. Mayi ena analowa akudzikupiza ndi katoni. Ankafuna kope ya kalata imene ndinawajambulira pa sikana mwezi wapitawo, popeza yawo inanyowa m'bwato. Anali pachangu: akaipereke kumene imafunika maofesi asanatseke, kenako akawoloke Shire kusanade.

Imeneyi ndi ntchito ya mphindi imodzi. Mwana wa achemwali anga, amene amandithandiza akaweruka kusukulu, anadina pa foda ya makalata. Foda osatseguka. Anadinanso. Kamuvi ka mausi kankayenda bwinobwino, koma china chilichonse chinangoti zii. Kanyali kofiira ka kutsogolo kwa kompyuta, kamene masiku onse kamaphethira, kanayaka osazimanso.

"Amalume, yafa kodi?"

"Siinafe. Tadikira pang'ono."

Mayi aja anasuzumira dzuwa pakhomo. "Achimwene, ngati zikuvuta ndingopita, ndidzabwerenso Lolemba."

Mtengo wa ulendo wa Lolemba ndinkaudziwa: ya bwato, ya kabaza, ndi tsiku lathunthu osaponda kudimba. Ndinawapempha kuti akhale kaye pa benchi.

Chimene chinagwira kompyuta sichinali chobisika. Loweruka lapitalo ndinali nditajambula ukwati ku Ngabu, ndipo masana amenewo ndinkatsitsa mavidiyo ake kuchoka m'makhadi a kamera kulowa mu diski. Nthawi yomweyo ndinkasamutsa maukwati akale kuchoka mu diski yomweyo kupita ku ina yapanja kuti malo apezeke. Nditaimitsa ntchito ziwirizo, foda ija inatseguka nthawi yomweyo, kalata inatuluka, mayi aja ananyamuka. Koma ine mtima sunakhale pansi. Pulosesa inali isakugwira kanthu, RAM, malo amene kompyuta imasungamo zinthu kwa kanthawi ikamagwira ntchito, inalipo yotsala. Kalatayo ndi kanthu kochepa kwambiri poyerekeza ndi vidiyo ya ukwati. Makina otha kusenza ukwati wonse analephera bwanji kupatsa njira kapepala kamodzi? Ndani anaganiza kuti mayi aja adikire?

Kufunafuna yankho kunanditengera miyezi, ndipo ndinapeza kuti oganiza alipo awiri. Wina ali mu Linux, pulogalamu yaikulu imene imayendetsa kompyuta yanga, wina ali m'kati mwa diski momwemo.

Pa shelefu yanga pali hard disk yakufa imene ndinaimasula kuti ana obwera kudzaphunzira kompyuta aziiona. M'kati muli mbale yonyezimira moti umadziona nkhope. Pambali pake pali kadzanja kachitsulo, ndipo kunsonga kwake kuli kamutu kochepa kuposa njere ya mapira. Kumbuyo kwa kadzanjako kuli maginito amphamvu, ukayandikiza sikuludiraiva amaikwatula. Diski ikamagwira ntchito, mbaleyo imazungulira ka 7200 pa mphindi, kutanthauza ka 120 pa sekondi, choncho kuzungulira kamodzi kumatenga mamilisekondi 8.3 (sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1000). Kuti iwerenge kachidutswa kamodzi, pamakhala kudikira kuwiri. Koyamba kadzanja kayende kukafika pa mkombero woyenera, ndipo pa ma diski a pa desiki ulendowu umatenga mamilisekondi 8 kapena 9 tikatengera pakatikati. Kenako kamutu kadikire kuti malo ofunikawo azungulire adzadutse pansi pake, kumene ndi theka la kuzungulira, mamilisekondi 4.

Werengani nokha. Mamilisekondi 12 kapena 13 pa kachidutswa kalikonse ndiye kuti pa sekondi diski siifika n'komwe pa tizidutswa 100 ngati tili tomwazikana. Tizidutswa 100 ta 4 KB sitikwana theka la MB. Diski yomweyo ikamawerenga zinthu zondondozana, kadzanja kali phee, imapitirira 100 MB pa sekondi. Chitsulo chimodzimodzi, magetsi omwewo, koma liwiro kusiyana maulendo mazana, kungotengera kuti ntchito zalowa mu ndondomeko yanji. Nchifukwa chake funso lakuti ayambe ndani si laling'ono.

Anthu a makompyuta anaona zimenezi kalekale, nabwera ndi njira imene amaitcha ya chikepe. Kuno kuchigwa chikepe n'chosowa, koma minibasi timaidziwa. Ikanyamuka ku Nchalo kulowera ku Nsanje imaima pa Ngabu, pa Sorgin, pa Bangula, pa Tengani, motsatana. Ikafika pa Sorgin siibwerera ku Ngabu chifukwa choti wina waimba foni. Ameneyo adikire ulendo wobwerera. Kadzanja ka diski nako kamayendetsedwa chomwecho: kusesa mbali imodzi, kutola zonse zili m'njira. Ilipo njira ina yachangu kuposa apa, yongotola amene ali pafupi nthawi zonse, koma ili ndi nkhanza yake. Ngati anthu akungobwerabe pa siteji imodzi, amene ali kutali akhoza kugona panjira.

Gawo la Linux limene limasanja mapemphowa limatchedwa scheduler. Nditayang'ana mu /sys/block/sda/queue/scheduler ndinapeza kuti yanga inali mq-deadline, mdzukulu wa deadline imene analemba Jens Axboe wa ku Denmark. Nzeru yake ndi yosavuta kumva. Imasanja mapempho ngati minibasi ija, koma pempho lililonse limakhala ndi nthawi yake yomalizira kudikira: mamilisekondi 500 ngati ndi lowerenga, masekondi 5 ngati ndi lolemba. Nthawi ikakwana, limadumpha mzere. Owerenga amakonderedwa chifukwa kumbuyo kwawo nthawi zambiri kumakhala munthu amene akuyang'ana sikirini, pamene zolemba zimatha kudikira mu RAM popanda wodandaula.

Nditawerenga zimenezi ndinasokonezeka kwambiri. Ngati Linux inalonjeza theka la sekondi, foda ija inatheranji nthawi yonseyi?

Yankho lili pawiri. Choyamba, kutsegula foda si pempho limodzi. Kompyuta imawerenga kachidutswa kena kuti idziwe kumene kuli kachiwiri, kachiwiri kamailozera kachitatu, choncho mpaka pamapeto. Sungatumize onse pamodzi chifukwa lachiwiri sulidziwa loyamba lisanabwere. Tiyerekeze kuti tizidutswato tilipo 100 ndipo kalikonse kadikira kota ya sekondi: masekondi 25 apita, koma palibe lonjezo limene laphwanyidwa. Chachiwiri ndi chimene chinanditsegula maso. Mamilisekondi 500 aja ndi nthawi yoti pempho lichoke m'manja mwa Linux. Sanena kanthu za nthawi yoti diski iligwire. Likangolowa, limakapeza mzere wina, ndipo mwini mzere umenewo ndi firmware, kapulogalamu kokhala pa bolodi yobiriwira ya pansi pa diski.

N'chifukwa chiyani anthu anapatsa firmware mphamvu yotere? Chifukwa Linux imaona diski ngati mndandanda wa manambala basi, kuyambira 0 mpaka kumapeto, amene amatchedwa LBA. Siidziwa kuti nambala yakuti ili pa mbale iti, pa mkombero uti. Siidziwa kuti mikombero ya kunja imanyamula zambiri kuposa ya m'kati. Siidziwa kuti malo ena anawonongeka ndipo firmware inasamutsira zinthuzo kwina mwakachetechete. Koposa zonse, siidziwa kuti pa kamphindi kameneka mbale yafika pati pozungulira. Nambala yooneka yapafupi ikhoza kukhala kuti yangodutsa kumene pansi pa kamutu, ndiye pafunika kudikira kuzungulira kwathunthu. Ina yooneka yakutaliko ikhoza kukhala ikubwera, moti kadzanja kakasuntha pompano kakakumana nayo. Zimenezi amazidziwa ndi amene ali m'kati yekha. Ndiye pa ma diski a SATA, mtundu wa cholumikizira diski ku kompyuta, anaikapo NCQ, njira yolola kompyuta kupereka mapempho okwana 32 nthawi imodzi, firmware n'kumasankha yokha loyamba kugwira.

Apa m'pamene ndinakumbukira chigayo.

Bambo anga aang'ono anagwira ntchito pa chigayo ku Bangula zaka zambiri, ndipo ine pa holide ndinkakhala pakhomo, kuyeza ndi ndowa ndi kulandira ndalama. Ntchito yathu inali yogawana popanda wina kuilemba. Ine ndinkadziwa anthu. Ndinkadziwa kuti agogo awa afika kusanache. Ndinkadziwa kuti kamtsikana ka kabeseni aka kwawo madzi a nsima atereka kale. Ndinkadziwa kuti matumba khumi awo ndi a venda amene adzawatenga mawa, ndiponso kuti thumba ili ndi la pamaliro, limene limalowa popanda wofunsa. Bambo aang'ono, ali mbuu ndi ufa mpaka m'nsidze, ankadziwa chigayo. Ankadziwa sefa imene ili m'kati ndi nthawi imene imapita poisintha. Ankadziwa kuti mphale ikalowa pambuyo pa mgaiwa ufa sutuluka woyera ndipo mwini wake akalipa, kuti mapira ndi mchewere ndi bwino kuziphatikiza nthawi imodzi, kuti lamba watentha. Zimene ankadziwa iwo ine sindikanazidziwa ndili pakhomo, ndipo m'phokoso ndi fumbi lija iwo sakanamva nkhani ya munthu aliyense.

Tsiku limene ndinkalola katundu yense kuwunjikana pafupi ndi chigayo, iwo ankasanja mokomera chigayo. Dizilo ankapita wochepa, matumba ankatha msanga, koma kamtsikana kaja kankakhala mpaka dzuwa kupendeka chifukwa kabeseni ka mapira kakudikira kuti chimanga cha venda chithe. Tsiku limene ndinkalowetsa mmodzimmodzi mwa ndondomeko yanga, aliyense ankaona chilungamo, koma bambo aang'ono ankangokhalira kuimitsa, kupukuta ndi kusintha sefa, ndipo mzere wonse unkachedwa. Tinafika pogwirizana kuti m'kati muzikhala katundu wa anthu ochepa, okwanira kuti iwo akhale ndi chosankha, koma otsalawo azikhala panja pamene ine ndingathe kunena kuti, "Pepani bambo, ayambe mwanayu."

Linux ndi wapakhomo uja. Imadziwa kuti pempho ili lachokera ku pulogalamu imene munthu akuiyang'ana, ilo lachokera ku ntchito yosamutsa mafayilo imene ikhoza kutha usiku. Firmware ndi wogayitsa, koma wogayitsa wosaona nkhope. Bambo aang'ono mwina akanatha kutukula maso n'kuona mwana. Diski imalandira nambala ya malo, kukula kwa katundu, ndi kachizindikiro ka pakati pa 0 ndi 31. Dzina la mwini katundu silifika. Mu NCQ mulimo kambendera kosonyeza kuti pempho ili n'lofulumira, koma si diski iliyonse imene imakalabadira. Ndipo chimene chalowa chalowa. Linux singatambasule dzanja kuti isinthe ndondomeko ya zimene yapereka kale.

Tsiku la mayi aja, malo 32 onse anali odzaza ndi zidutswa zikuluzikulu za maukwati, zondondozana bwino, zokoma kwa firmware. Kachidutswa ka kalata kanali kwinakwake kutali pa mbale, kofuna kuti kadzanja kasiye pamene pali ntchito yambiri. Wogayitsa aliyense wofuna kumaliza matumba ambiri akanakaika pambuyo. Firmware sinalakwe. Inachita ntchito imene anaipangira. Cholakwika chinali kuipatsa mzere wonse pamene mu mzerewo munali munthu wofuna kuwoloka mtsinje.

Ndinayamba kuyesa madzulo aliwonse ndikatseka. Ndinkayambitsa kukopera kwakukulu dala, pawindo lina n'kutsegula iostat -x 1, lamulo loonetsa mmene diski ikugwirira ntchito, kenako n'kumadina mafoda. Pa iostat pali danga lotchedwa r_await, losonyeza nthawi imene pempho lowerenga likudikira, ndi lina losonyeza kutalika kwa mzere. Kuona manambalawo akukwera pamene kanyali kofiira kaleka kuphethira kunandiphunzitsa zambiri kuposa kuwerenga.

Choyamba ndinayesa ionice, lamulo louza Linux kuti ntchito yakuti ndi yosafulumira. Palibe chinasintha, chifukwa mq-deadline ya pa kernel (mtima wa Linux) imene ndinali nayo nthawiyo sinkalabadira zimenezo. Ndiye ndinasintha scheduler kupita ku BFQ. Imeneyi anaikonza ndi Paolo Valente wa pa yunivesite ya ku Modena ku Italy, ndipo inalowa mu Linux 4.12 mu 2017. Inatenga malo a CFQ, scheduler imene Linux inkagwiritsa ntchito mwachizolowezi kuyambira 2006 mpaka pamene ma scheduler akale onse anachotsedwa mu Linux 5.0 mu 2019. BFQ imapatsa pulogalamu iliyonse mzere wakewake ndi gawo lake, ndipo imayesetsa kuzindikira pulogalamu imene munthu akuidikira kuti iikondere.

Chimene ndimaikondera BFQ ndi khalidwe lina looneka ngati kutaya nthawi. Ikamaliza kutumikira pempho la pulogalamu yowerenga tizidutswa tolozerana tija, siithamangira kupereka diski kwa wina. Imadikira kaye mpaka mamilisekondi 8, diski ili chete, poyembekeza kuti pulogalamu yomweyo ibweranso ndi pempho lotsatira. Nzeru imeneyi anailongosola bwino ndi Sitaram Iyer ndi Peter Druschel a pa Rice University mu 2001: mzere wa pulogalamu ukaoneka wopanda kanthu, sikuti mwini wake wamaliza, akungotafuna yankho kuti afunse lotsatira. Ukapereka malo ake kwa wina pa kamphindi kameneko, kadzanja kapita kutali, ndipo akabwera apeza mzere wadzazanso. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Firmware kudekha kotereku siingakuthe, chifukwa siidziwa kuti mapempho awiri ndi a munthu mmodzi. Ikaona ntchito ili apo, imagwira.

Ndi BFQ zinthu zinasintha moonekeratu, ndipo ionice inayamba kumveka. Koma ndinaonanso malire ake. Imagwira bwino ntchito yowerenga, monga yosamutsa maukwati akale ija. Pa ntchito yolemba mphamvu yake ndi yochepa, chifukwa zolembazo zimayamba zaunjikana mu RAM, kenako kernel imadzazitsitsira ku diski m'dzina lake, la mwini ntchito litatayika. Ndipo ngakhale ndi BFQ, nthawi zina foda inkachitabe kakasi. Olemba BFQ eni ake sabisa zimenezi: diski ikakhala ndi mzere wake wautali, ikhoza kusokoneza ndondomeko imene scheduler yakonza. Anaikamo ngakhale batani lotchedwa strict_guarantees, lokakamiza kuti diski izipatsidwa pempho limodzi basi nthawi iliyonse.

Ndiye ndinafika pa nambala imene kwa ine ndi mtima wa nkhani yonseyi, ya mu /sys/block/sda/device/queue_depth. Imanena kuchuluka kwa katundu wololedwa kuwunjikana pafupi ndi chigayo. Inali pa 32. Nditaiika pa 1, mafoda ankatseguka ngati palibe chikuchitika, koma ntchito zokhudza mafayilo ambiri omwazikana zinayamba kukwawa, ndipo diski inkamveka kugogoda kwambiri chifukwa firmware inalibenso chosankha. Ndinayesa manambala angapo n'kukhazikika pa 4. Sindikunena kuti 4 ndi wa aliyense. Firmware ya diski iliyonse ili ndi khalidwe lake, ndipo opanga saulula mmene imasankhira. Yesani yanu ndi ntchito yanu. Chimene ndikutsutsa ndi maganizo oti nambala yaikulu ndiyo yabwino nthawi zonse. Amene amayeza ma diski amakonda kuona kuchuluka kwa katundu wodutsa pa sekondi, ndipo pa muyeso umenewo 32 amapambana. Muyeso wa pa kauntala yanga ndi wina: munthu waima nthawi yaitali bwanji?

Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anatigwera. Madzi anawononga damu la Kapichira kuno ku Chikwawa, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo makinawo sanabwerere mpaka 2023. Za miyoyo, nyumba ndi minda imene inapita sindingazikwanitse m'nkhani ino. Ku shopu, kuthima kwa magetsi kunakhala kwa tsiku ndi tsiku, ndipo kunandionetsa mbali ina ya ufulu wa firmware imene ndinali ndisanaiganizire.

Diski ili ndi ka RAM kake, pa ambiri 64 MB kapena kuposerapo. Ukaipatsa cholemba, imachiika m'menemo n'kuyankha kuti zatheka, pamene pa mbale sichinafike. Imatero kuti ipeze mpata wosanja zolembazo mokomera kadzanja. Magetsi akathima pa nthawi imeneyo, zonse za m'ka RAM kaja zapita, ndipo choopsa kwambiri n'chakuti zikhoza kupita mosatsata ndondomeko: chimene chinatumizidwa pambuyo chalembeka, chimene chinatsogola chatayika. Ine ndimasungira magulu angapo a banki nkhonde mabuku awo a ndalama pa kompyuta yomweyo. Ganizirani buku limene lalemba kuti ngongole yabwezedwa koma tsamba losonyeza mwini ngongoleyo kulibe.

Pa chifukwa chimenechi Linux ili ndi mawu amodzi amene firmware siiloledwa kukana, otchedwa flush. Tanthauzo lake ndi lakuti: zonse uli nazo zifike pa mbale, ndipo usandiyankhe usanamalize. Pa SATA lamuloli silikhala nawo mu mzere wa NCQ. Mzere umayamba watha kaye, ndiye limalowa lokha. N'lodula, ndipo ext4, dongosolo limene Linux imasungira mafayilo pa diski, imalituma kawirikawiri, popeza imatseka kaundula wake masekondi 5 aliwonse ngati pali zosintha. Mnzanga wina wokonza makompyuta ku Blantyre anandiuza kuti ndiike nobarrier, flush ileke, ndione mmene makina athamangire. Zoona akanathamanga. Ndinakana, ndipo aliyense wa kuno amene amasunga zinthu za anthu ndikumupempha akane. Malangizo otere amayenera chipinda chimene magetsi ake sazima ndipo makina ake ali ndi mabatire apadera oteteza zolemba. Ine ndinagula batire ndi inveta zoti zizindipatsa mphindi zokwanira kutseka bwino, flush ndinaisiya mmene inalili. Pa funso lakuti chiyambe kulembedwa ndi chiti kuti buku lisaname, wodziwa ndi wapakhomo. Wogayitsa alibe mawu.

Kutentha nako kuli ndi gawo lake, ndingokutchula mwachidule. Diski yotopa ikakumana ndi malo ovuta kuwerenga, firmware imabwerezabwereza payokha osauza munthu, mzere wonse uli chiimire, ndipo Linux imadikira masekondi 30 isanaganize kuti lamulo lasochera. Palibe scheduler ingakupulumutseni pamenepo. Miyezi ya Okutobala ndi Novembala, kunja kukapitirira madigiri 40, ndimayang'ana smartctl, pulogalamu yoonetsa thanzi la diski, sabata iliyonse: nambala 194 ya kutentha, 5 ya malo osamutsidwa, 197 ya malo okayikitsa. Awiri omalizawo akayamba kukwera, siyani kusintha mizere, samutsani zinthu zanu.

Wina afunsa kuti, nanga si dziko linapita kale ku SSD, ma diski a tchipisi osazungulira? Zoona, ndipo kumeneko nkhani imatembenuka. Mulibe kadzanja, mulibe mbale. Firmware ndi imene imadziwa kumene chinthu chilichonse chagona m'tchipisi, imalemba malo ambiri nthawi imodzi, imasesa yokha malo akale. NVMe, njira yachangu kwambiri yolumikizira SSD, imalola mizere yoposa 65,000, uliwonse wotha kunyamula mapempho ochuluka chomwecho, ndipo kuti Linux iyenderane ndi liwiro limeneli anachita kumanganso gawo lonseli, ntchito yotchedwa blk-mq imene inalowa mu 3.13 mu 2014. Pa makina otere scheduler nthawi zambiri imakhala none, kutanthauza kuti wapakhomo wangotsegula chitseko, popeza nthawi imene angathe poganiza ndi yaitali kuposa imene chigayo chimatha pogaya. Nanenso ndinadzagula SSD yaing'ono, n'kuikamo Linux, makalata ndi mabuku a banki nkhonde. Kalata ndi ukwati sizikumananso pa mzere umodzi, ndipo kunena zoona imeneyi inathandiza kuposa zonse ndinasintha.

Koma yendani m'mashopu a pa Dyeratu, pa Ngabu, pa Bangula, muone makompyuta amene akupulinta ma CV ndi kusunga zithunzi za anthu. Ambiri ndi ogwiritsidwa kale ntchito kunja, a diski imodzi yozungulira, ndipo m'diski imodziyo muli zonse. Mavidiyo ndi aakulu, SSD yokwana maukwati a chaka chonse mtengo wake si wamasewera. Chimandiwawa n'chakuti mnyamata wa shopu yotere akafufuza pa intaneti amapeza malangizo olembedwa ndi anthu a NVMe: ika none, diski ikudziwa bwino. Akatsatira, wachotsa wapakhomo yekhayo amene akanalankhulira kasitomala wake. Ndakonzapo makompyuta awiri otere. Eni ake ankaganiza kuti agwidwa ndi vairasi, mmodzi anali atatsala pang'ono kufufuta zonse.

Maukwati akadali pa diski yozungulira ija, ndipo masana timawatsegulira eni ake kuti asankhe zithunzi pamene ntchito zina zikuyenda kumbuyo. Choncho BFQ ikadalipo, ndipo 4 ndinamulemba pa kapepala kamene ndinamata pambali pa kompyuta. Mwana wa achemwali anga anadzandifunsa tsiku lina akuyang'ana kapepalako.

"Amalume, nanga usiku kulibe kasitomala, tikuiletseranji?"

Ananena zoona. Tinakhala pansi limodzi n'kulemba timizere tiwiri mu cron, kapulogalamu koyambitsa ntchito pa nthawi imene waiika. Kena kamakweza nambala ija kufika pa 32 nthawi ikakwana 6 koloko madzulo, ntchito yosamutsa n'kuyamba. Ndikamatseka mawindo ndimaimva diski ikusintha kaliridwe, kugogoda kuja kumachepa, kumatsala kamkokomo kosalala. Kachiwiri kamaibweza pa 4 ikamakwana 7 koloko m'mawa, ndisanachotse loko pa chitseko cha kutsogolo.